Kamera imene inabwezera mawu kwa anthu a m'migodi

Madzulo a Lachinayi pa 16 Ogasiti 2012, mawailesi a kanema a m'maiko ambiri anaonetsa chithunzi chimene sichinatenge ndi mphindi imodzi yomwe. Gulu la amuna, ena atafunda mabulangeti, linkatulukira kuseri kwa khola la ng'ombe kulowera kumene kunali mzere wa apolisi. Mfuti zinalira mosalekeza, fumbi linakwera, ndipo pamene linkatsika pansi panali pali mitembo. Malowo ndi Marikana, pa mgodi wa pulatinamu umene pa nthawiyo unali wa kampani ya Lonmin, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera mu mzinda wa Johannesburg. Tsiku limenelo apolisi anapha anthu 34 ogwira ntchito mu mgodiwo ndi kuvulaza ena 78.

Kutacha, mkulu wa apolisi m'dziko la South Africa pa nthawiyo, mayi Riah Phiyega, anauza atolankhani kuti apolisi anaombera podziteteza kwa anthu amene anawathamangira ndi zida. Ambiri anavomera, pakuti ndi zimene chithunzi chija chinkaoneka ngati chikunena. Anthu 270 mwa onyanyala ntchitowo anamangidwa, ndipo kwa masiku angapo anaimbidwa mlandu wakupha anzawo omwe anaomberedwa ndi apolisi aja. Mlanduwo unachotsedwa anthu ataukwiyira kwambiri.

Mmodzi mwa anthu amene sanakhutire ndi nkhani ya apolisiyi anali a Rehad Desai, wojambula mafilimu a nkhani zochitikadi wa mu Johannesburg. Funso lawo linali losavuta kulimva: kodi kamera isanajambule mphindi ija, kunachitika zotani dzulo lake, dzana lake ndi sabata yonseyo? Kuyankha funso limeneli kunawatengera nthawi yoposa chaka, ndipo yankho lake ndi filimu yotchedwa Miners Shot Down, imene inatuluka m'chaka cha 2014.

Kwa owerenga a ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete, nkhani ya m'migodi ya ku Joni si yachilendo. N'zochepa midzi imene ilibe gogo amene anapita ku Wenela kapena ku Theba, nabwerako ndi njinga, wailesi, bokosi la zovala, ndipo nthawi zina chifuwa chosamva mankhwala. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha anthu oposa 70, ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a m'migodi kwa zaka zingapo. Dzina la Wenela likadalipo pa depoti ya mabasi mu Blantyre. Koma za moyo wa amuna amenewa pansi pa nthaka, zimene zinalembedwa zambiri zinalembedwa ndi makampani amene ankawalemba ntchito. Apa ndi pamene ntchito ya a Desai ikukhudzira dera lino.

Mwana wa m'banja lothawa kwawo

A Desai anabadwa m'chaka cha 1963, chaka chomwe bambo awo, a Barney Desai, anathawa m'dziko la South Africa chifukwa cholimbana ndi ulamuliro wa tsankho. Banjalo linakakhazikika ku England, kumene bambowo anakhala loya ndiponso mmodzi wa atsogoleri a chipani cha Pan Africanist Congress. Choncho a Rehad anakulira kutali ndi dziko limene tsiku lililonse linkatchulidwa m'nyumba mwawo. Anabwerera kwawo m'chaka cha 1990, zipani zoletsedwa zitaloledwa kuyambanso kugwira ntchito ndiponso a Nelson Mandela atatuluka m'ndende.

Sanayambe ndi kamera. Anaphunzira mbiri yakale pa yunivesite ya Zimbabwe, ndipo pambuyo pake anatenga digiri yachiwiri pa yunivesite ya Witwatersrand mu Johannesburg. Anagwirako ntchito m'mabungwe a anthu apantchito komanso m'bungwe lolimbana ndi kufala kwa kachirombo ka HIV. Ntchito ya mafilimu anailowa ali kale munthu wamkulu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Njira imeneyi ikuoneka m'mafilimu awo: munthu amene anazolowera kufufuza m'mapepala akale sakhulupirira nkhani yopanda tsiku, ndipo munthu amene anakhalapo pa misonkhano ya apantchito amadziwa kuti kunyanyala ntchito sikugwa kuchokera kumwamba ngati matalala.

Filimu imene inawatchukitsa poyamba ndi Born into Struggle ya m'chaka cha 2004, yonena za banja lawo lomwe. Bambo awo anamwalira mu 1997 ali munthu wolemekezeka pa ndale, koma mwana wawo sanajambule filimu yongowatamanda. Anaonetsa mtengo umene akazi ndi ana amalipira pamene mwini nyumba wapereka moyo wake wonse ku nkhondo ya ufulu: bambo amene pagulu ndi ngwazi, kunyumba n'kukhala ngati mlendo. Munthu amene analimba mtima kufunsa mafunso otere za bambo wake womubereka sakanaopa kuwafunsa kwa nduna kapena kwa mkulu wa kampani.

Kampani yawo ya mafilimu, Uhuru Productions, anaikhazikitsa mu Johannesburg, ndipo kwa zaka zambiri anatsogolera chionetsero cha mafilimu a ufulu wa anthu chotchedwa Tri Continental Film Festival.

Alimi angakonde kumva za filimu yawo ya mu 2006, Bushman's Secret. Imanena za chomera cha m'chipululu cha Kalahari chotchedwa hoodia, chimene anthu a mtundu wa San ankatafuna kuyambira kalekale kuti asamve njala ndi ludzu pa ulendo wosaka nyama. Bungwe la boma lofufuza za sayansi la CSIR linalembetsa umwini wa mphamvu ya m'chomeracho n'kupereka chilolezo kwa kampani ya ku Britain ya Phytopharm, ndi cholinga chopanga mankhwala ochepetsa thupi a anthu olemera. Eni nzeruwo anamva mochedwa. Mu 2003 panasainidwa pangano lakuti a San azilandirako gawo la phindu, koma makampani aakulu amene analowa m'ntchitoyi anaisiya, womaliza wake Unilever mu 2008, ndipo chuma chimene chinalonjezedwa sichinaoneke. Aliyense amene wasungako mbewu ya makolo, kapena amene amadziwa mtengo wochiza matenda enaake, n'kulandira mlendo wonyamula kope ndi kamera wofuna kudziwa zambiri, akudziwa kumene nkhaniyi ikulowera.

Mu 2010, chaka chimene South Africa inachititsa mpikisano wa mpira wa dziko lonse, anatulutsa The Battle for Johannesburg, yonena za anthu osauka okhala m'nyumba zosanja zakale za pakati pa mzindawo, amene ankathamangitsidwa kuti mzinda uoneke bwino. M'nyumba zotere ndi mmene Amalawi ambiri ofuna maganyu amafikira. Moto umene unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi.

Masiku 7 a ku Marikana

Onyanyala ntchito a ku Marikana anatsogoleredwa ndi amuna obowola miyala, amene ntchito yawo ndi yowawa kuposa zonse mu mgodi: kugwira chitsulo cholemera, chonjenjemera, m'malo otentha ndi opanikiza, kwa maola ambiri. Ankafuna malipiro a R12,500 pa mwezi, pamene ndalama zimene ambiri ankapita nazo kunyumba sizinkafika ndi theka lomwe la zimenezi. Ambiri anali ochokera ku midzi ya ku Eastern Cape, ena ku Lesotho ndi ku Swaziland, ndipo ankagona m'zisakasa za malata pa malo otchedwa Nkaneng. Mu 2006 kampani ya Lonmin inalonjeza boma kuti idzamangira antchito ake nyumba 5,500. Pofika 2012 inali itamanga zitatu zokha.

Antchitowo anali atataya chikhulupiriro mwa bungwe lawo lalikulu la National Union of Mineworkers, choncho anasankha atsogoleri awoawo n'kukakhala pa kaphiri ka miyala kufupi ndi mgodi, kudikira kuti abwana abwere adzalankhule nawo. Abwanawo sanabwere.

Chimene a Desai anachita ndi chosavuta kuchifotokoza koma chovuta kuchichita. Anasonkhanitsa zithunzi zonse zimene zinajambulidwa m'sabata imeneyo n'kuziika mu ndondomeko ya masiku ndi maola. Zina zinali za mawailesi a kanema. Koma zambiri, ndiponso zolasa mtima kwambiri, zinajambulidwa ndi apolisi eni ake ndi alonda a kampani ya Lonmin. Zithunzi zimenezi zinatulukira poyera kudzera m'bungwe lofufuza za imfazi limene pulezidenti wa nthawiyo, a Jacob Zuma, anakhazikitsa pansi pa woweruza wopuma, a Ian Farlam. A Desai anatsatira zokambirana za bungweli kwa miyezi yambiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo filimuyi ndi chipatso cha kudekha kotero.

Zithunzi zikaikidwa mu ndondomeko yake, nkhani imasintha. Pa 13 Ogasiti, kamera ya apolisi ikuonetsa gulu la onyanyala ntchito litaimitsidwa pafupi ndi njanji. Amunawo anjuta pansi, ndipo atsogoleri awo akulankhula mwaulemu ndi mkulu wa apolisi, kupempha kuti awaperekeze kubwerera ku kaphiri kaja, kumene akapereke zida zawo. Akunena mobwerezabwereza kuti mkangano wawo si wa apolisi, akufuna abwana okha. Kenaka akunyamuka akuimba chapansipansi. Patapita kanthawi apolisi akuponya utsi wokhetsa misozi, chipwirikiti chikubuka, ndipo tsikulo likutha apolisi awiri ndi antchito atatu atafa. Woonera amadziona yekha kuti mpata wa mtendere unalipo, ndipo amaona mphindi imene unatayika.

Pakati pa amunawo pali mmodzi wofunda bulangeti lobiriwira, a Mgcineni Noki, odziwika kuti Mambush. M'nyuzipepala za masiku amenewo anali munthu wopanda dzina, chizindikiro cha gulu loopsa. M'filimuyi ndi munthu wolankhula, wokambirana, wodziwa chimene akufuna. Anaphedwa pa 16 Ogasiti.

Filimuyi ikuonetsanso a Joseph Mathunjwa, mtsogoleri wa bungwe lina la apantchito la AMCU, atagwada pamaso pa khamulo masana a tsiku lomwelo, kuwachonderera kuti achoke pa kaphiripo chifukwa aona kuti zinthu zaipa. Ikufotokoza zimene zinadziwika ku bungwe la a Farlam, kuti m'mawa wa tsikulo apolisi anaitanitsa zipolopolo zina 4,000 ndi galimoto zinayi zonyamula mitembo. Ikuonetsa waya waminga ukutambasulidwa, ndi amuna akutsika pa kaphiri kulowera ku zisakasa zawo, magalimoto a apolisi n'kuwapanikizira ku mpata umodzi wokha, kumene mfuti zinali kudikira. Kuthamanga kumene dziko linaona m'chithunzi chija kunayamba utsi wokhetsa misozi ndi zipolopolo za mphira zitawagwera kumbuyo.

Pali chinanso chimene makamera a atolankhani sanachione n'komwe. Mwa anthu 34 aja, amene anaphedwa pafupi ndi khola anali 17. Ena 17 anaphedwa patapita mphindi zingapo pa kaphiri kena kakang'ono, pakati pa miyala ndi zitsamba kumene anakabisala. Amene anathandiza kwambiri kuulula zimenezi ndi mtolankhani wojambula zithunzi, a Greg Marinovich, amene anayenda pa malowo n'kuona zilembo zimene ofufuza anapaka pa miyala posonyeza pamene panagona mitembo. Analemba zimene anapeza m'nyuzipepala ya pa intaneti ya Daily Maverick patangotha milungu iwiri, ndipo iwonso akulankhula m'filimu ya a Desai. Atolankhani ambiri pa tsikulo anaima kumbuyo kwa apolisi, kumene kunali kotetezeka. Palibe angawadzudzule pofuna kusunga moyo wawo, koma kamera imaona kuchokera pamene mwini wake waima, ndipo dziko lonse linaona Marikana kuchokera kumbuyo kwa mapewa a apolisi.

Munthu wina amene akuoneka m'filimuyi ndi a Cyril Ramaphosa. Iwowa ndi amene anatsogolera kukhazikitsidwa kwa National Union of Mineworkers mu 1982 ndiponso sitalaka yaikulu ya m'migodi ya mu 1987. Pofika 2012 anali mmodzi wa akuluakulu oyang'anira kampani ya Lonmin. Makalata a pa intaneti amene analemba pa 15 Ogasiti, amene anawerengedwa ku bungwe lofufuza lija, anasonyeza kuti ankaona zochitikazo ngati zaupandu osati mkangano wa pantchito, ndipo ankalimbikitsa nduna za boma kuchitapo kanthu. Iwo anafotokoza kuti cholinga chawo chinali kuletsa imfa zina, ndipo lipoti la a Farlam silinawapeze olakwa pa kuphedwa kwa anthuwo. A Desai anawapatsa mpata wolankhula, n'kuika mawu awo pambali pa zithunzi za mnyamata wa mu 1987 amene ankadzudzula eni migodi. Sanawonjezepo ndemanga yaitali. A Ramaphosa anakhala pulezidenti wa South Africa mu Febuluwale 2018.

Filimu yopanda wailesi yoionetsa

Kunja kwa dziko filimuyi inalandiridwa ndi manja awiri. Inapata mphoto zingapo, ndipo mu Novembala 2015 inalandira mphoto ya International Emmy ku New York. Kwawo zinali zina. Wailesi ya kanema ya boma ya SABC, pamodzi ndi e.tv, mawailesi amene anthu wamba amaonera popanda kulipira, anazengereza kwa nthawi yaitali kuionetsa. Zinatengera anthu kusaina zikalata zodandaula ndi kuchita zionetsero, ndipo e.tv inaionetsa kumayambiriro kwa 2016, mphoto ija itabwera kale.

M'malo modikira, a Desai ndi anzawo a m'gulu la Marikana Support Campaign ananyamula filimuyo n'kuyenda nayo. Inaonetsedwa m'maholo a m'makomboni, m'matchalitchi, m'mayunivesite, pa misonkhano ya apantchito ndi m'madera a migodi, ndipo ikatha anthu ankakhala pansi n'kukambirana. Alangizi a zaumoyo ndi a zaulimi amene anayendapo ndi jenereta ndi nsalu yoyera m'midzi akuidziwa njira imeneyi, ndipo akudziwanso kuti phindu lenileni limabwera nyali zikayaka, pamene mayi wina kumbuyo akweza dzanja n'kunena kuti zimenezi zinachitikanso kuno.

Sikuti onse anaiyamikira. Ena anati a Desai anasankha mbali, ndipo n'zoona. Iwo sabisa kuti ndi munthu wa ndale za kumbali ya apantchito, ndipo anali mneneri wa gulu lothandiza mabanja a ophedwawo pa nthawi yomwe ankakonza filimuyo. Odandaulawo ali ndi mfundo imene siyenera kukankhidwira kumbali. Tsiku la 16 lisanafike anthu 10 anali atafa kale, ndipo mwa iwo munali alonda awiri a kampani, apolisi awiri ndi antchito ena amene anaphedwa mwankhanza, ena mwa iwo ndi anthu a m'gulu la onyanyala ntchito. Amenewanso anasiya akazi ndi ana. Filimuyi imatchula za imfazi, koma mtima wake uli pa amuna a pa kaphiri, ndipo woonera wanzeru ayenera kudziwa zimenezo.

Komabe kusankha mbali ndi kunama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mphamvu ya filimuyi siichokera pa maganizo a mwini wake. Ichokera pa zithunzi zimene aliyense angathe kuziyang'ana yekha, zokhala ndi tsiku ndi ola, zojambulidwa ndi anthu omwe akuimbidwa mlanduwo. Wofuna kuitsutsa ayenera kutsutsana ndi kamera ya apolisi. Mafilimu ambiri a zachitukuko amene amajambulidwa m'midzi ya kuno amalephera pa mfundo yomweyi: amakhala ndi mayi womwetulira pafupi ndi mjigo watsopano, mawu othokoza, ndi chizindikiro cha wopereka thandizo, koma alibe tsiku, alibe chiwerengero cha ndalama zimene zinalonjezedwa, ndipo wojambulayo sabwereranso patatha zaka ziwiri kudzaona ngati mjigowo ukutulutsabe madzi.

Zida za ntchito yotereyi sizilinso za anthu a m'mizinda okha. Lamya ya m'manja imajambula, ndipo imasunga tsiku ndi nthawi. Kope la mlembi wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, lokhala ndi maina a amene anabwera pa msonkhano ndi zimene kampani inalonjeza, ndi umboni wa mtundu womwewo ndi pepala la nyumba 5,500 lija. Ku Malawi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Ndipo nkhani ya migodi yafika pakhomo: anthu a ku Karonga anaona mgodi wa Kayelekera ukutsegulidwa mu 2009 ndi kuimitsidwa mu 2014, a ku Moatize m'chigawo cha Tete anasamutsidwa m'minda yawo chifukwa cha malasha, ndipo makampani akhala akufufuza miyala ya mtengo wapatali ku Kasiya, ku Kangankunde ndi ku phiri la Songwe. Paliponse pamene pabwera mgodi pamakhala msonkhano woyamba wa pansi pa mtengo, pamene malonjezo amachuluka. Kawirikawiri wolemba zokambirana pa msonkhanowo amakhala wa kampani.

Ngakhale akuluakulu amene anabwerako ku Theba akudziwa kulemera kwa kapepala. Makampani a migodi ya golide atavomera mu 2018 kupereka ndalama zokwana R5 biliyoni kwa odwala matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la mu mgodi, pangano limene khoti la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, funso loyamba kwa wodandaula aliyense lakhala lakuti asonyeze kuti anagwiradi ntchito pa mgodi wakutiwakuti, kuyambira chaka chakuti. Amene anasunga khadi lawo m'bokosi lija ali ndi poyambira.

Pambuyo pa Marikana

A Desai sanaime pamenepo. Mu 2016 anatulutsa The Giant is Falling, yonena za kuchepa mphamvu kwa chipani cholamula cha ANC. Mu 2018 kunabwera Everything Must Fall, yofotokoza za ophunzira a pa yunivesite ya Witwatersrand amene mu 2015 anayambitsa zionetsero zokana kukwera kwa fizi, zimene zinafalikira m'dziko lonselo. Mu 2019, mogwirizana ndi a Mark Kaplan, anatulutsa How to Steal a Country, yonena za momwe banja la Gupta linalowerera m'makampani a boma pa nthawi ya a Zuma. Ngwazi za m'filimu imeneyi ndi atolankhani ofufuza ndi anthu amene anaulula zinsinsi, makamaka mulu wa makalata a pa intaneti amene anatulukira mu 2017. Apanso njira ndi yomwe ija: mapepala a eni mphamvu, owerengedwa modekha, n'kuikidwa mu ndondomeko.

Kodi filimu imasintha chiyani? Pa nkhani ya Marikana yankho lake ndi losakanikira. Sitalakayo inatha mu Sepitembala 2012 antchito atalandira malipiro okwera ndi 11 mpaka 22 pa 100 iliyonse. Lipoti la a Farlam linatuluka mu Juni 2015, ndipo linadzudzula dongosolo la apolisi la tsikulo, linapeza kuti apolisi sananene zoona zonse ku bungwelo, linadzudzulanso Lonmin ndi mabungwe onse awiri a apantchito. Mayi Phiyega anaimitsidwa pa ntchito chaka chomwecho. Boma linalipira chipukuta misozi kwa mabanja ndi kwa ena mwa ovulala ndi omangidwa. Ndi ochepa lero amene angaimirire pagulu n'kubwereza nkhani ya pa 17 Ogasiti ija monga inanenedwera, ndipo pa zimenezi filimu ya a Desai ili ndi gawo lake. Koma pamene dziko linkakumbukira kuti patha zaka 10, mu Ogasiti 2022, panalibe wapolisi ndi mmodzi yemwe amene khoti linamupeza wolakwa pa imfa za anthu 34 aja. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Kampani ya Lonmin inagulidwa ndi Sibanye-Stillwater mu 2019, ndipo dzina lake linachoka pa zipata za mgodi. Chaka chilichonse pa 16 Ogasiti anthu amasonkhana pa kaphiri kaja kudzakumbukira. Ena mwa amayi amene amafika atavala zakuda sachokera kutali: amuna awo ataphedwa, kampani inapereka mwayi wa ntchito kwa wachibale mmodzi m'banja lililonse, ndipo amayi angapo amasiye anasiya midzi yawo ku Eastern Cape ndi ku Lesotho n'kudzalembedwa ntchito pa mgodi womwewo.